Kiyibodi Imene Inatseka Mayi Anga Pakamwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mayi anga anasiya kuyimba. Sanadwale pakhosi, sanasiye kupemphera, ndipo palibe dokotala amene anawaletsa. Amene anawatseka pakamwa ndi anthu a mumpingo mwathu momwe, anthu a masuti ndi mataye, ndipo chida chimene anagwiritsa ntchito chinali kiyibodi yatsopano. Lero ine ndemwe ndayamba imvi, koma nkhaniyi ndikaikumbukira mtima umandiwawa ngati yachitika dzulo. Abale anga amati ndimasunga mangawa. Anene zimenezo, ine ndifotokoza zimene ndinaona ndi maso angawa.

Tinkakhala ku Mchesi. Bambo anga, a Mwale, ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya mmwenye wina kufupi ndi msika wa Lilongwe. Ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukakhala pambali pawo, moti mphuno zanga zinazolowera fungo la mtovu wosungunuka ndi fumbi la m'mawailesi. Tsiku lina mwini sitoloyo, akusesetsa m'chipinda chosungira katundu, anatulutsa chinthu cholemera chimene mwana wake ankayimbira m'gulu lina loyimba asanapite kunja. Chinali chitafa kalekale, makoswe ataswera m'kati mwake. Anauza bambo kuti achitenge ngati akuchifuna chifukwa chinkangodya malo. Bambo anachikankha pa wilibala mpaka kunyumba, ndipo anatha dzinja lonse akuchimasula, kuchipukuta ndi kuwotcherera mawaya, mpaka m'mawa wina chinalira.

Chinali limba lamagetsi lachikale, la mtundu umene oyimba amati sinthesaiza. Ife tinachitcha Chitsa, chifukwa m'mbali mwake munali matabwa, ndipo kuti uchinyamule unkayamba wadya kaye. Makiyi ake anali ochepa, achikasu ngati mano a munthu wa fodya. Pamwamba pa makiyiwo panali mabatani opotokola ngati a wailesi, ambirimbiri, lililonse ndi ntchito yake. Lina linkachepetsa mawu mpaka kufanana ndi kulira kwa udzudzu, lina linkawanenepetsa kuti azigunda m'chifuwa, lina linkachititsa kuti mawu azitsetsereka kuchoka pa kiyi ina kupita pa ina monga amachitira mayi wolira maliro. M'Chitsa munalibe piyano, munalibe gitala, munalibe ng'oma. Mawu unkachita kuwaumba wekha ndi zala, ndipo mwana akabwera n'kupotokola mabataniwo, mawu ako aja apita, uyambirenso. Chinkatulutsa liwu limodzi lokha pa nthawi imodzi. Ngakhale utadina makiyi atatu, icho chinkasankhapo imodzi basi.

Sindikufuna kuchikometsera, Chitsa chinali ndi makhalidwe ake oipa. Ukachiyatsa unkayenera kuchidikira kuti chitenthe kaye, apo ayi chinkalira ngati mbuzi ya pachingwe. Mwezi wa Okutobala, malata a tchalitchi akatentha, mawu ake ankakwera okha pang'onopang'ono popanda wowatuma. N'chifukwa chake dzanja lamanzere la bambo silinkachoka pa batani lalikulu la kumapeto, lotchunira, limene linkakweza kapena kutsitsa mawu onse a limbalo monga momwe munthu wafunira. Utoto wa pa batani limenelo unali utafufutika ndi chala chawo. Lamulungu lililonse ankachikulunga m'bulangeti, n'kuchikankha pa wilibala kupita kutchalitchi, ndipo ankafika oyambirira kuti chipeze nthawi yotentha.

Mayi anga, aNambewe, ankagulitsa nyemba ndi mtedza mumsika, koma Lamulungu ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi mwathu. Sanaphunzire manotsi kwa wina aliyense. Kuyimba anaphunzirira kwawo cha ku Mitundu, pa maliro ndi pa mtondo, ndipo nyimbo ankaiyambira pamene mtima wawo wagwera tsiku limenelo. M'mawa wozizira wa Juni ankayambira pansi. Tsiku la ubatizo ankakwezako. Akafika pa mawu amene awakhudza ankaimapo, n'kuwakoka, mpingo wonse n'kuwadikira. Palibe amene ankadandaula. Amayi achikulire a kumabenchi akumbuyo ankati aNambewe akayambitsa nyimbo aliyense amapeza poponda, wa mawu aakulu ndi wa mawu aang'ono yemwe.

Bambo ankakhala pakona ndi Chitsa chawo, manja ali pamiyendo, mutu atapendeketsa. Mzere woyamba wonse sankakhudza kanthu. Kenako ankadina kiyi imodzi motsitsa, n'kupotokola batani lalikulu lija mpaka liwu la Chitsa litalowa m'mawu a mayi osaonekanso msoko. Apo ndi pamene ankayamba kuyimba nawo, kuwatsatira pambuyo, mayi akakoka iwonso n'kukoka. Atayamba kundiphunzitsa kunyumba, ine ndinkafulumira kudina mayi asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo ankandimenya kadzanja. "Tamanda, manja pamiyendo," ankatero. "Limba siliyambitsa nyimbo. Woyamba ndi munthu, iwe ntchito yako n'kumupeza pamene ali." Ine ndinkangoti ndi kuvuta kwa akuluakulu.

Mumpingo mwathu munali mkulu wina, a Gwaza, amene ankagwira ntchito ku Capital Hill ndipo ankakhala ku Area 10. Anakulira ku Mchesi komweko, n'chifukwa chake ankapempherabe kwathu, koma galimoto yawo ankaiimika pakhomo penipeni pa tchalitchi kuti aliyense aizungulire polowa. Atabwerako ku ulendo wina wa kunja anabweretsera mpingo mphatso ya kiyibodi, ndipo anaitulutsa m'katoni pamaso pa anthu onse zolengeza zitangotha. Kuseri kwake anali atalembetsa ndi penti yoyera dzina la banja lawo, kuti ngakhale Mulungu asaiwale amene anapereka.

Ndinene zoona, kiyibodi ija inali yokongola, ndipo nanenso ndinayasama kukamwa. Inali yakuda, yopepuka moti mwana wa a Gwaza, Kondwani, mnyamata wa kusekondale, anainyamula ndi dzanja limodzi. Inali ndi kagalasi kowala koonetsa manambala, masipika ake omwe, ndiponso malo a mabatire kuti magetsi akathima isasiye. Kondwani anadina batani limodzi, tinamva piyano. Anadina lina, malipenga. Lina gitala, lina zitoliro, lina mawu a anthu ambiri akuti aaa. Kenako anadina batani lofiira, ndipo m'tchalitchi munagwa ng'oma, besi ndi zisekese, zonse zikuyenda zokha, iye akungogwira ndi chala chimodzi. Achinyamata anaimirira, amayi anayimba nthungululu. Sinkafuna kutenthetsa, sinkasintha ndi dzuwa, ndipo mawu amene wasankha lero unkawapeza pomwepo mawa. Chitsa chinali pakona chitafunda bulangeti lake, ndipo kuyambira tsiku limenelo anyamata anayamba kuchitcha bokosi la maliro.

Pa nthawi yomweyo mwana wamkazi wa a Gwaza, Chisomo, ankakonzekera ukwati. Iyeyu anali mtsikana waulemu, ndipo anabwera yekha kumsika, pa benchi la mayi, kudzapempha kuti tsiku lake polowa m'tchalitchi nyimbo adzayambitse aNambewe, chifukwa ndi mawu amene anakula nawo. Mayi anafika kunyumba akumwetulira okha. Anatulutsa chitenje chimene ankasunga pansi pa sutikesi n'kukachisoketsa kwa telala. Ndinali ndisanawaonepo atakondwa chonchi ndi kanthu kena kalikonse. Vuto linali loti a Gwaza analamula kuti pa ukwati wa mwana wawo palire kiyibodi yawo, osati chimene iwo ankachitcha wailesi ya a Mwale.

Loweruka lina masana kwaya yonse inaitanidwa ku Area 10 kukayeserera. Tinakwera minibasi kudepoti, tinatsika ku City Centre, kwinako tinayenda wapansi m'misewu ya zii, ya mipanda yaitali, agalu akuuwa kuseri kwa mageti. Sanatilowetse m'nyumba. Tinaima pakhonde la simenti yofiira yopolishidwa, kiyibodi ili patebulo loyalidwa nsalu yoyera. Kondwani anadina kiyi n'kunena mwaulemu kuti, "Amayi, muyambire apa." Pamene anawapatsapo panali pamwamba, posiyana ndi pamene iwo ankayambira, ndipo ng'oma zija zinkathamanga. Mayi anayesa. Atafika pa mawu amene ankakonda kukoka, ng'oma sizinawadikire, zinangodutsa, iwo n'kutsalira m'mbuyo.

A Gwaza anali atakhala pa mpando wa nsungwi, nyuzipepala ili pamiyendo.

"Amayi, mukuphonya," anatero. "Ndipo mwakhala mukuphonya zaka zonsezi, kungoti panalibe chokuuzani. Tsopano chabwera."

Ena a m'kwaya anaseka, kuseka kuja kosekera bwana. Mayi anayang'ana pansi. Bambo anavula chipewa n'kusendera pafupi.

"Pepani bwana, kodi ilibe potchunira? Mutandilola ndiioneko pang'ono, tikhoza kuitsitsa kuti ikumane ndi mayiwa."

"A Mwale, iyi si wailesi ya pakhonde ayi," anayankha a Gwaza. "Inabwera yotchunatchuna kuchokera kufakitale, pa sitandadi ya dziko lonse lapansi. Sitingatsitse makina chifukwa cha munthu mmodzi. Munthuyo ndiye akwere. Komanso chonde, manja anuwo asafikepo, sitikufuna mtovu pamenepa."

Bambo anabweza manja awo kumbuyo. Ndinkafuna bambo ayankhe, akalipe, atenge mkazi wawo tizipita. Iwo anangoti, "Zikomo bwana," n'kuvalanso chipewa. Pomaliza anatipatsa sikwashi m'makapu apulasitiki, ndipo ine wanga ndinathira m'maluwa awo.

Masiku otsatirawo mayi anasanduka mwana wasukulu m'nyumba yawo yomwe. Bambo anatchuna Chitsa pamene ankakumbukira kuti kiyibodi ija inali, n'kuchotsa dzanja pa batani lalikulu. Madzulo aliwonse tisanadye mayi ankayeserera kukwera pamenepo, ine ndikuwomba m'manja mofulumira m'malo mwa ng'oma. Mitsempha ya m'khosi inkawatuluka. Ankafika ndithu, koma sanali mawu awo, anali ngati munthu amene akuyenda mu nsapato zobwereka. Akalakwitsa ankapepesa kwa ine, mwana wawo, ndipo zimenezi zinkandinyansa kuposa kulakwitsako.

Tsiku la ukwati tchalitchi chinadzaza. Kunja kunali magalimoto amene anthu a ku Mchesi anali asanawaonepo. Anabweretsa masipika akuluakulu obwereka, n'kuwalumikiza pamodzi ndi maikolofoni pa chingwe chimodzi chachitali chimene chinadutsa pafupi ndi benchi la ana, pomwe ndinakhala ine. Chitsa chinatsala kunyumba. Bambo anakhala pakati pa azibambo anzawo, manja ali pamiyendo, poti ndi momwe anazolowera.

Mayi anaimirira kutsogolo m'diresi lawo latsopano, maikolofoni ili m'manja. Chisomo ataonekera pakhomo, atavala zoyera, mayi anamuyang'ana, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Anaiwala za ku Area 10, anaiwala za sitandadi. Anaona mwana amene ankakwawa m'tchalitchi chomwecho iwo akuona, ndipo anayambitsa nyimbo momwe ankayambitsira nthawi zonse, pansi, modekha, kuchokera mumtima. Amayi a kumabenchi akumbuyo anailandira nthawi yomweyo. Mzere woyambawo unakoma moti thupi langa linachita tsemwe.

Kondwani anayang'ana bambo ake. A Gwaza anagwedeza mutu, iye n'kudina batani lofiira.

Ng'oma zinagwa ngati matalala pamalata. Piyano inalowa pamwamba, pa malo ake a kufakitale, mayi ali pansi, ndipo mawu awiriwo anakhulana mopweteka m'makutu. Theka la mpingo linatsatira kiyibodi chifukwa ndiyo inkamveka kwambiri, theka linakakamira kwa mayi. Mayi anayesa kukwera mzere uli pakati, mawu n'kuwathawa, ndipo maikolofoni inakuza kuthawako kuti aliyense amve. Alendo a zipewa zikuluzikulu anabisa pakamwa ndi manja. A Gwaza anakodola mtsikana wina wa m'kwaya, iye anapita n'kukachotsa maikolofoni m'manja mwa mayi nyimbo isanathe. Mayi anatsala ataima pamaso pa anthu onse aja, dzanja lili m'mwamba momwe linalili, lopanda kanthu.

Apo ndiye ukali unandigwira. Ndinawerama, ndinagwira chingwe chija n'kuchizula pakhoma ndi mphamvu zanga zonse. Masipika akuluakulu anathima, mtsikana uja mawu anamuthera, mpingo unati zii. Koma kiyibodi sinathime. Anali ataikamo mabatire poopa kuti magetsi angavute, ndiye inangopitiriza ndi timasipika take, ng'oma zikugunda zokha m'tchalitchi mopanda woyimba ndi mmodzi yemwe. Sinadziwe n'komwe kuti anthu asiya. A Gwaza anabwera okha, anandigwira khutu n'kunditulutsa panja pamaso pa mkwatibwi. Anandiuza kuti ndipepese, ndinakana, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Ndinkadziwa kuti kunyumba kukundidikira mkwapulo. Koma madzulo ake bambo anangonditengera kuseri kwa nyumba, tinakhala pa njerwa. Ndinawauza kuti ndikadzakula kiyibodi ija ndidzaiphwanya ndi hamala.

"Wakwiyira chinthu chosalakwa," anatero. "Chija ndi pulasitiki ndi mawaya, sichisiyana ndi Chitsa chomwechi. Ine sindikhulupirira kuti alipo munthu angapange limba loyimbira anthu osaikapo potchunira. Penapake palipo. Kungoti sanafune kufunafuna, chifukwa kwa iwo wofunika kukonzedwa anali mayi ako."

Sindinawakhulupirire. Ndinkaona ngati akungofuna kuphimba manyazi awo a ku Area 10, ndipo nawonso ndinawakwiyira chifukwa cha "zikomo bwana" uja.

Akulu a mpingo anakhala pansi n'kugwirizana kuti aNambewe apume kaye. Aliyense anadziwa kuti kupumako n'kopanda tsiku lobwerera. Chitsa nachonso anachipumitsa. Chisomo anabwera kumsika kudzapepesa akulira, koma mayi anamumangira mtedza m'kapepala n'kumuuza kuti, "Usalire mwanawe, ndine ndinakuonongera tsiku lako." Ichi ndicho sindinayembekezere, kuti mayi awakhulupirira a Gwaza. Anasiya kuyimba pochapa, anasiya posinja. M'tchalitchi ankangogwedeza milomo. Diresi lija anapatsa mng'ono wawo. Bambo atamwalira, ine ndili kale ndi ana, amayi a mpingo anadikira kuti aNambewe ayambitse ngakhale nyimbo imodzi yotsanzikira mwamuna wawo. Iwo anangoti, "Yambitsani anzanga, ine ndingakusokonezeni." Ndinatuluka m'nyumba ya siwa n'kukalirira kuseri, ndipo misozi yanga sinali ya maliro okha, yambiri inali ya ukali.

Benchi la bambo lokonzerapo mawailesi ndinalitenga ndine, ndipo lero ndili ndi kachipinda kanga ku Old Town komwe ndimakonza makiyibodi ndi zokuzira mawu. Makiyibodi a masiku ano ndimawadziwa m'kati ndi kunja, ndipo sindidana nawo. Amasunga mawu osawerengeka, amajambula nyimbo yonse okha, ndipo ena amatsanzira ngakhale kulira kwa malimba akale, kungoti kutsanzirako kumakhala kosalala kwambiri, kopanda kakunjenjemera kamene Chitsa chimakhala nako chikatentha. Chondiseketsa n'chakuti anyamata a masitudiyo a ku Area 47 amabwera kudzandichonderera kuti ajambuleko Chitsa, chomwe chija ankachitcha bokosi la maliro, ati mawu ake ndi onona. Makiyibodi onse amene ndimakonza ali ndi potchunira. Koma ndinkadziuza kuti ya a Gwaza ija, poti inali ya kale, mwina inalibedi, ndipo maganizo amenewa ankandikhazikako mtima pansi.

Chaka chatha mnyamata wina wa kutchalitchi kwathu kuja anabwera ndi kiyibodi yakale imene anaipeza m'chipinda chosungira mipando, akuti ndione ngati ingadzuke kuti ana aziphunzirirapo. Nditaitembenuza ndinaona penti yoyera ija, itasuluka koma ikuwerengeka. A Gwaza anamwalira kale, Kondwani ali kunja. Ndinaimasula, ndinasintha kawaya kamodzi, inayaka. Kenako ndinadina kabatani kakang'ono kotuwa ka pambali pa kagalasi kaja. Panatuluka manambala. Ndinagwira kiyi imodzi n'kuyamba kutsitsa manambalawo, ndipo mawu anatsika nawo, pang'onopang'ono, mofatsa, ndendende monga linkachitira batani lalikulu la Chitsa. Pomwepo panalinso posunthira nyimbo yonse pansi kapena pamwamba, ndi pochedwetsera ng'oma. Kabatani kotuwako kanali kakadali katsopano, pamene lofiira lija linali litatha mpaka kuyera. Ndinatseka chitseko cha kachipinda kanga, ndipo mawu amene ndinalankhula m'menemo sangalembedwe mu nyuzipepala.

Mayi amakhala ndi ine tsopano. Ukalamba wawabwezera kachizolowezi koyimbira m'mphuno chapansipansi akaona ngati palibe akuwamva. Lamulungu masana ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero, akuchita zimenezo. Ndinaika kiyibodi ija pa mpando kumbuyo kwawo mwakachetechete, ndinakhala manja ali pamiyendo mpaka mzere unatha, kenako ndinadina kiyi imodzi motsitsa n'kusuntha manambala mpaka mawu anawapeza pamene anali. Anadzidzimuka n'kusiya.

"Zimitsa mwanawe, ndingakusokoneze. Paja ine ndimaphonya."

"Simuphonya amayi. Taonani kuseri kwakeku."

Anatembenuka, anaona penti ija, n'kuika lichero pansi. Ndinadinanso kiyi yomweyo, ndinakweza mawu kufika pa malo ake a kufakitale, n'kuwatsitsanso kufika pamene iwo anali.

"Ndi yomwe ija?"

"Yomwe ija, amayi."

"Ndiye kuti inkatha kutsika?"

"Inkatha. Ngakhale tsiku lomwe lija inkatha."

Anayang'ana manja awo. Kenako anati, "Bambo akotu anafunsa." Anatola lichero n'kupitiriza kusankha nyemba. Tsiku limenelo sanayimbenso, ndipo ine sindinawakakamize.

Tsopano ndikumvetsa zimene bambo ankanena kuseri kwa nyumba kuja. Chitsa chinkakakamiza munthu kumvetsera chifukwa sichinkakhazikika. Ukachisiya chinkasokera, ndiye khutu lako silinkapuma. Kiyibodi yatsopano sinkasokera, ndipo zimenezo zinapatsa anthu ena chonamizira chosiyira kumvetsera. Makinawo analibe mlandu. Mlandu unali wa munthu amene anaona mayi akuvutika kukwera, mitsempha ili panja, n'kusankha kusuntha mayiyo m'malo mosuntha kabatani. Ukali wanga sunathe ayi, wangopeza mwini wake. Kiyibodi ija ndinaibweza kutchalitchi, ndipo Loweruka lililonse ndimakaphunzitsa ana pa iyo yomweyo. Phunziro loyamba sitiyamba ndi makiyi. Ndimapempha mayi mmodzi wa kumabenchi akumbuyo kuti ayambitse nyimbo pamene iye wafuna, ndipo mwana amene dzanja lake lachoka pamiyendo mzere woyamba usanathe amadzuka pampandopo n'kupatsa mnzake.